Tsiku Losasimbidwa: Ntchito ya Aphunzitsi m'Nkhani za Sukulu Zoyenda Panyanja

Mawu Otsogolera

Nkhani zambiri zosimba za sukulu zoyenda panyanja zili ndi chizolowezi chimodzi: zimathamangira kudoko kapena kunamondwe. Wowerenga amaonetsedwa ophunzira akutsika sitima mumzinda wachilendo, apo ayi akulimbana ndi mafunde pa tsiku la tsoka. Masiku ambirimbiri a pakati, pamene sitima imangong'amba madzi popanda chodabwitsa chilichonse, amapindidwa m'chiganizo chimodzi n'kuiwalika. Chonsecho m'masiku amenewa ndi mmene muli ntchito ya mphunzitsi, mlangizi, dokotala ndi wophika, amene amakhala ndi ophunzirawo usana ndi usiku.

Nkhani ino ikuunika ntchito ziwiri zimene zinachokera pa maulendo enieni. Yoyamba ndi buku la mbiri la Tamson Pietsch lotchedwa The Floating University, limene linasindikizidwa mu 2023 ndipo likusimba za ulendo wa sitima ya Ryndam wa mu 1926 ndi 1927. Yachiwiri ndi filimu ya Ridley Scott yotchedwa White Squall, ya mu 1996, imene inachokera pa kumira kwa sitima yamatanga ya Albatross mu 1961. Buku lakale la Richard Henry Dana, Two Years Before the Mast, la mu 1840, laikidwa pambali pa ziwirizi ngati muyeso. Mfundo imene ikutsatidwa ndi yakuti phindu ndi tsoka la sukulu ya panyanja zimakonzedwa m'zochita zobwerezabwereza za tsiku ndi tsiku, ndipo kuti luso losimba nkhani, chifukwa chokonda pachimake, limaphimba zochita zimenezi pamodzi ndi anthu amene amazigwira.

Kaonekedwe ka Tsiku la M'sitima

Kuti kuunikaku kumveke, m'pofunika kuyamba ndi kufotokoza chimene chimadumphidwacho. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Semester at Sea, ndondomeko ya maphunziro ya ku America imene gwero lake ndi University of the Seven Seas ya mu 1963. Kwa zaka zambiri maphunziro ake ankavomerezedwa ndi University of Pittsburgh, kenaka University of Virginia, ndipo kuyambira mu 2016 udindowu uli m'manja mwa Colorado State University. Ulendo umodzi umatenga masiku oposa 100, ndipo ophunzira mazanamazana amakocheza m'mayiko pafupifupi 10.

Panyanja palibe Loweruka kapena Lamulungu. Sitima ikakhala pamadzi, limenelo ndi tsiku la kalasi; ikakocheza, makalasi amaima. Masiku amadziwika ndi zilembo A ndi B, ndipo sipatenga nthawi kuti anthu aiwale mayina a masiku a pamlungu. Sitima ikamalowera kum'mawa, mawotchi amapititsidwa patsogolo usiku, kotero kuti mphunzitsi ndi wophunzira amafika m'kalasi onse ataberedwa ola la tulo. Pa tsiku la mafunde aakulu, mphunzitsi amaphunzitsa atagwiririra tebulo, uku ena mwa omumvera akulimbana ndi mseru. Madzulo a tsiku loti mawa akocheza, onse amasonkhana kuti amve za ndalama, matenda ndi malamulo a dziko limene akufikalo. Wochedwa kubwerera kusitima amalandira chilango chotsala m'kati kwa maola angapo pa doko lotsatira, ndipo pamayenera kukhala munthu wolemba dzina lake ndi kupirira mkwiyo wake.

Chosiyanitsa kwambiri ntchitoyi ndi ya kumtunda n'chakuti mphunzitsi alibe koweruka. Wophunzira amene walephera mayeso m'mawa ndi yemweyo amene akhale naye patebulo madzulo. Alangizi amene amagona pafupi ndi zipinda za ophunzira ndiwo amadzutsidwa pakati pa usiku pamene awiri ayambana m'kachipinda kopanikiza, pamene wina wabwera ataledzera, kapena pamene uthenga wa maliro wafika kwa mwana amene kwawo kuli kutsidya kwa nyanja ziwiri. Mu Malichi 2020, pamene madoko ankatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ulendo wa Semester at Sea unathera ku Cape Town nthawi yake isanakwane, ndipo chiudindo choonetsetsa kuti ophunzira onse apeza njira yobwerera kwawo chinagwera antchito omwewa.

Vuto la mlembi lili apa. Chichewa chimalionetsa bwino m'kapangidwe ka mneni. Pali kusiyana pakati pa "anadzuka" ndi "ankadzuka": mphatikiram'kati -na- amasimba chochitika kamodzi, pamene -nka- amasimba chizolowezi. Tsatanetsatane wa nkhani amayenda pa -na-, chifukwa amafuna zochitika zotsatizana zimene zikukwera kupita pachimake. Koma ntchito yolera ophunzira imakhala mu -nka-. Funso loyenera kufunsa buku kapena filimu iliyonse ya mtunduwu ndi lakuti: kodi yapereka malo otani kwa -nka-?

Ryndam: Sukulu Imene Inaweruzidwa ndi Manyuzipepala

Pa 18 Seputembala 1926, sitima ya Ryndam ya kampani ya Holland America Line inanyamuka pa doko la Hoboken, moyang'anana ndi New York, itanyamula ophunzira pafupifupi 500. Inali sitima yokalamba, yomangidwa mu 1901, imene inanyamulapo asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mwini ganizoli anali James Edwin Lough, pulofesa wa za maganizo a munthu pa New York University. Lough, amene anaphunzira ku Harvard ndipo anakokedwa ndi maganizo a William James ndi John Dewey, ankakhulupirira kuti munthu amadziwa chinthu pochiona ndi kuchikhudza, ndipo kuti yunivesite iyenera kuwerengera kuyenda ngati phunziro. Yunivesite yake inachotsa dzina lake pa ulendowu sitima isananyamuke, ndipo iye mwini anadzataya ntchito. Ulendo unadzera ku Havana, ngalande ya Panama, Hawaii, Japan, Manila, Siam ndi ngalande ya Suez mpaka ku Ulaya, n'kubwerera mu Meyi 1927. M'njiramo ophunzira anaonana ndi mfumu ya Siam, Benito Mussolini ndi Papa Pius XI.

Kwa zaka zambiri ulendowu unkakumbukiridwa ngati chinthu cholephera ndi choseketsa. Manyuzipepala a ku America anadzaza masamba ndi nkhani za ophunzira oledzera m'madoko, makamaka ku Japan, ndi za chibwenzi pakati pa anyamata ndi atsikana. Tiyenera kukumbukira kuti imeneyi inali nyengo imene malamulo a America ankaletsa kugulitsa mowa, kuyambira mu 1920 mpaka mu 1933, choncho nkhani ya mwana wa banja lolemera ataledzera kudziko lachilendo inali ndiwo yokoma kwa atolankhani. Mphamvu ya buku la Pietsch, yemwe ndi katswiri wa mbiri wa ku Australia, ili pa kukana kulandira chigamulo chimenechi mwachimbulimbuli. Iye akuonetsa kuti pansi pa nkhani za mowazo panali mkangano wakuya wa yemwe ali ndi ulamuliro wonena kuti ichi ndi chidziwitso. Mayunivesite a nthawiyo ankamanga ulemu wawo pa buku, pa katswiri ndi pa chipinda chofufuzira. Ganizo la Lough, lakuti maso a wophunzira angakhale gwero la nzeru, linali kulanda ulamuliro umenewo, ndipo kulephera kwa Ryndam kunali kokomera amene anapambana mkanganowo.

Komabe Pietsch sakumusandutsa Lough ngwazi. Mfundo yake yachiwiri, imene ili yolemera koposa kwa wowerenga wa mu Africa, ndi yakuti maso a ophunzirawo sanali omasuka monga ankaganizira. Njira imene sitima inatsata inali njira ya mphamvu za America ndi za maufumu a ku Ulaya. Ku Panama, ku Hawaii ndi ku Manila, amene ankawalandira ndi kuwaonetsa malo anali akazembe, asilikali, amishoni ndi amalonda a mtundu wawo. Chimene ankachitcha kuona dziko ndi maso awo chinali kuona dziko limene ena analiyala kale kuti iwo alione. Mlendo ndi mame. Wokhala pa doko masiku atatu amabwerera ndi zimene anapita nazo, zitangovala malaya atsopano.

Nanga bukuli likuchita chiyani ndi tsiku la m'sitima? Silikulinyalanyaza. Wowerenga amamva za makalasi ochitikira pabwalo la sitima, za kupanikizana kwa anthu, ndi za nyuzipepala ya m'sitimamo yotchedwa The Binnacle, imene inkayang'aniridwa ndi Henry J. Allen, yemwe kale anali bwanamkubwa wa Kansas. Koma zonsezi zikulowa ngati umboni wa mlandu wina waukulu, wa yunivesite ndi ufumu. Izi n'zomveka, pakuti wolemba mbiri amadalira zimene zinalembedwa ndi kusungidwa: makalata, mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku, manyuzipepala ndi mafayilo a yunivesite. Anthu amalemba za tsiku limene anaona mfumu. Salemba za tsiku la 40 limene anachonga zolemba za ophunzira m'chipinda chotentha. Motero ngakhale buku limene likutsutsa atolankhani a mu 1926 likukakamizika kuyenda m'mapazi awo, kuchoka pa doko kupita pa doko.

Pamenepa pali funso limene bukuli likudzutsa koma limene likanatha kukumbidwa mozama. Ngati Lough ankati kuona ndiko kuphunzira, ndani ankayenera kusandutsa zoonazo kukhala phunziro? Kuona pakokha sikuphunzitsa. Pamafunika munthu woti, sitima itachoka pa doko, akhale pansi ndi wophunzira n'kumufunsa chimene waona, amene anamuonetsa, ndi chimene sanaonetsedwe. Ntchito imeneyi imachitika pa masiku a pakati aja. Ngati ophunzira a Ryndam anabwerera ndi tsankho limene ananyamuka nalo, ndiye kuti kulephera kwenikweni kunachitikira m'kalasi ya pamadzi, mwakachetechete, osati m'nyumba zomwera mowa za ku Tokyo.

Albatross: Pamene Namondwe Wameza Nkhani

Sukulu ya Christopher Sheldon inali ya mtundu wina. Albatross inali sitima yaing'ono yamatanga, yomangidwa ku Netherlands mu 1920, ndipo anyamata ochepa amene anakwera mu 1960 anali ophunzira komanso amalinyero. Ankakoka zingwe, kukwera milongoti, kugwira chiwongolero ndi kulondera usiku, kwinaku akukonzekera mayeso olowera ku koleji. Mkazi wa Sheldon, Alice, anali dokotala ndi mphunzitsi. Atayenda m'nyanja ya Caribbean mpaka ku zilumba za Galápagos, pa 2 Meyi 1961 chimphepo chadzidzidzi chinagwetsa sitimayo cham'mbali kumadzulo kwa zilumba za Dry Tortugas, ndipo inamira mofulumira kwambiri. Anthu 6 anafa: Alice Sheldon, wophika, ndi ophunzira anayi. Otsala anapulumutsidwa ndi sitima yonyamula katundu ya ku Netherlands.

Filimu ya Scott, imene nkhani yake inalembedwa ndi Todd Robinson, ikusimbidwa kudzera m'maso a wophunzira Chuck Gieg, mmodzi mwa opulumuka, amene anathandiza kulemba buku la The Last Voyage of the Albatross mu 1962. Chigawo choyamba cha filimuyi n'choyamikirika, chifukwa chikuyesa kupereka malo kwa -nka-. Woonera amaona kudzutsidwa kwa m'mamawa, kukwecha pabwalo la sitima, kusanza kwa masiku oyamba, mphunzitsi wa Chingerezi McCrea akulakatula mokweza pakati pa anyamata atulo, ndi anyamata akuthandiza mnzawo amene maphunziro akumuvuta. Jeff Bridges, amene akusewera Sheldon, akuonetsa bwino kulemera kwa ulamuliro umene ulibe tchuthi: munthu mmodzi ndiye kaputeni, mphunzitsi wamkulu ndi bambo, ndipo sangavule chimodzi kuti avale china.

Koma filimuyi siikhulupirira kuti chizolowezi chingagwire mtima wa woonera. Choncho mpangankhani aliyense wapatsidwa bala limodzi la mumtima loti lichiritsidwe pa chochitika chimodzi. Gil amaopa kukwera pamwamba chifukwa cha imfa ya m'bale wake; Frank wapsinjidwa ndi bambo wake wolemera ndipo akuthamangitsidwa atalasa nyama ya m'nyanja yotchedwa dolphin; Dean akubisa kusadziwa kwake ndi nkhanza. Kulera kwa miyezi yambiri kwasanduka mndandanda wa machiritso a mphindi imodzi. Choopsa n'chakuti njira imeneyi ikuvomereza nkhanza ya mphunzitsi popanda kuifunsa. Pamene Sheldon akukakamiza Gil kukwera mlongoti pamaso pa anzake mpaka mwanayo kuchita manyazi, filimu ikuchitenga ngati mankhwala owawa koma ochiza. Aliyense amene analerapo ana a eni akudziwa kuti zimenezi zingathenso kuthyola mwana, ndipo kuti mantha kawirikawiri amachepa pang'onopang'ono, sitepe imodzi pa tsiku. Komanso n'zodandaulitsa kuti Alice, amene ankasenza ntchito ziwiri zolemera, wapatsidwa malo ochepa kuyerekeza ndi mwamuna wake, ndipo wophika akuoneka kwambiri pamene nkhani ikufuna mantha kapena imfa.

Namondwe akafika, luso la Scott la kujambula limafika pachimake, ndipo palibe angakane kuti chigawochi n'chogwira mtima. Koma kukongola kwakeko ndi kumene kukusocheretsa. Filimu ikuonetsa tsokali ngati dzanja la chilengedwe limene munthu sakanalipewa, ndipo bwalo la kafukufuku limene likutseka nkhani likusandutsa funso la chitetezo kukhala funso la kukhulupirika: kodi anyamata aima ndi kaputeni wawo kapena ayi? Akuima naye, belu la sitima likulira, ndipo woonera akutuluka atakhutira. Ambiri anafanizira mathero amenewa ndi a filimu ya Dead Poets Society ya mu 1989, ndipo sanalakwe. Ngakhale chiwerengero cha akufa chachepetsedwa kuchoka pa 6 kufika pa anayi, kuti imfa iliyonse ikhale ya mpangankhani amene woonera akumudziwa.

Kaputeni Daniel Parrott, m'buku lake la Tall Ships Down la mu 2003, anaunika ngoziyi mwa njira ina. Iye anaonetsa kuti m'zaka za m'ma 1950, pamene Albatross inali m'manja mwa mlembi Ernest K. Gann, milongoti ndi matanga ake zinasinthidwa, ndipo kulemera kumene kunawonjezedwa pamwamba kunachepetsa mphamvu ya sitimayo yodzidzutsa ikapendama. Itagwa cham'mbali, madzi analowa pa malo otsegula. Mwa kuyankhula kwina, mbali yaikulu ya tsokali inakonzedwa pa masiku abata, m'zigamulo zing'onozing'ono zimene palibe filimu ingazijambule mokoma. Lamulo la America loyang'anira sitima zophunzitsira la mu 1982 linabwera pofuna kutseka mipata ya mtundu umenewu. Mu Febuluwale 2010, sitima ina ya sukulu yotchedwa Concordia inamira kufupi ndi gombe la Brazil, koma anthu onse 64 anapulumuka atalowa m'timabwato topulumukira. Kuyeserera kuthawa ngozi, kumene ophunzira amanyansidwa nako chifukwa chobwerezedwabwerezedwa, kulibe malo m'nkhani yokoma, koma pa tsiku ngati limeneli ndi kumene kumasiyanitsa moyo ndi imfa.

Dana Ngati Muyeso

Kodi n'kutheka kulemba chizolowezi popanda kutopetsa wowerenga? Buku la Dana likuyankha kuti n'kutheka. Dana anali wophunzira wa ku Harvard amene anasiya sukulu chikuku chitamuwononga maso. Mu Ogasiti 1834 anakwera sitima ya Pilgrim ku Boston ngati mmalinyero wamba, nazungulira Cape Horn kupita ku California kukanyamula zikopa za ng'ombe, n'kubwerera pa sitima ya Alert mu 1836. Sunali ulendo wa sukulu, ndipo panalibe mphunzitsi womuyang'anira. Koma buku lake ndi limene linakhazikitsa chithunzi cha mwana wa sukulu wophunzitsidwa ndi nyanja, chimene Sheldon ndi anzake analandira ngati cholowa.

Dana akupereka masamba ambiri ku zinthu zimene ena amadumpha: kulondera mosinthana maola anayi anayi, kukwecha matabwa ndi miyala, kupaka phula zingwe, chakudya cha nyama yamchere ndi mabisiketi olimba, ndi kusenza zikopa pamutu kudutsa m'mafunde a m'mphepete mwa nyanja. Chifukwa cha kudekha kumeneku, zochitika zazikulu zikafika zimalemera. Pamene mmalinyero wina wagwera m'nyanja n'kutayika, ndipo zovala zake zikugulitsidwa kwa anzake posakhalitsa, wowerenga amamva kusowa kwa munthuyo chifukwa akudziwa malo amene ankaima pa ntchito. Pamene kaputeni Thompson akukwapula amalinyero awiri, nkhanzayo siikuoneka ngati mankhwala, chifukwa mlembi ali kumbali ya okwapulidwa, amagona nawo ndipo amadya nawo. Dana anadzakhala loya woteteza amalinyero, ndipo mu 1841 anasindikiza The Seaman's Friend, buku lowafotokozera ntchito ndi ufulu wawo.

Phunzo la luso lili poyera. Dana akumanga -na- pamwamba pa -nka-, ndipo n'chifukwa chake chigamulo chake pa ulamuliro wa kaputeni n'chodalirika kuposa cha Scott. Komanso malo amene munthu amagona m'sitima ndi amene amamuuza chimene aone. Ophunzira a Ryndam ankaperekeredwa chakudya. Dana ankadya m'chipinda cha amalinyero kutsogolo kwa mlongoti. Ku San Diego anakhala ndi antchito a ku Hawaii, ndipo Dana anasamalira mmodzi wa iwo, wotchedwa Hope, pa matenda. Anawadziwa chifukwa chogwira nawo ntchito kwa miyezi, chinthu chimene mlendo wa masiku atatu sangachipeze.

Amene Sakuoneka

Pali magulu awiri amene ntchito zonse za mtunduwu zimawasiya mumdima. Loyamba ndi la amene amayendetsa ndi kusamala sitima. Pa sitima zazikulu zonyamula anthu za masiku ano, ambiri mwa ophika, ochapa ndi okonza zipinda amachokera kumayiko monga Philippines, Indonesia ndi India, ndipo amakhala miyezi yambiri osaona mabanja awo. Wophunzira amene akumva phunziro la kusiyana kwa olemera ndi osauka m'kalasi amabwerera kuchipinda chimene wina wamuyalira. Dziko limene akupita kukaliona kudoko lili kale m'sitimamo, pansi pa mapazi ake. Mphunzitsi wa m'sitima amakumana ndi chododometsa chimenechi tsiku lililonse, ndipo mmene amachiyankhira, kapena kuchizemba, ndi nkhani yoyenera buku lathunthu.

Gulu lachiwiri ndi la eni doko. Sitima za Semester at Sea zakhala zikukocheza ku Cape Town kwa zaka zambiri, ndipo Akibishopu Desmond Tutu anayenda nawo maulendo athunthu mu 2007 ndi mu 2010, akudya ndi kucheza ndi ophunzira. Kukhala kwake m'sitima kwa miyezi kunali kutembenuza dongosolo la Ryndam: munthu wa kudziko lochezeredwa analowa m'masiku a pakati aja, m'malo mongoonedwa pa doko. Koma Tutu anali munthu wotchuka pa dziko lonse. Wotsogolera alendo ku Langa kapena ku Khayelitsha, amene amalandira basi ya ophunzira m'mawa n'kuitsazika masana, amakhalabe chithunzi m'zolemba za ena. Iye amaona magulu akubwera ndi kupita chaka ndi chaka, akufunsa mafunso amodzimodzi. Kwa iye ulendo umene wophunzira amauona ngati -na- wa moyo wake wonse ndi -ma- wa ntchito ya masiku onse. Olemba m'zinenero za kuno ali pa malo abwino olembera mbali imeneyi, pakuti ndiwo amamva zimene zimayankhulidwa basi ikachoka.

Mawu Omaliza

Buku la Pietsch ndi lofunika kwa aliyense wofufuza mbiri ya maphunziro apamwamba, makamaka pa nthawi ino pamene mayunivesite ambiri amagulitsa kuyenda ngati gawo la digiri. Lachotsa ulendo wa Ryndam m'manja mwa onyoza n'kuonetsa kuti kuona nako kuli ndi eni ake. Malire ake ndi malire a umboni umene unasungidwa. Filimu ya Scott ili ndi theka loyamba labwino kuposa mbiri yake, koma ikugonja ku chilakolako cha namondwe, ndipo pogonjapo ikuphimba funso la udindo ndi misozi ya kukhulupirika. Dana, ngakhale ndi wakale kuposa onse, ndi amene akuonetsa njira.

Kholo limene lapereka mwana kwa mphunzitsi wa m'sitima limadalira zinthu zimene sizidzalembedwa m'nyuzipepala: kuti wina anawerenga mayina sitima isanachoke, kuti wina anatseka chitseko cha madzi kuli bata, kuti wina anaona kuti mwana uja sanadye masiku awiri. Wounika zolembedwa za sukulu za panyanja ayenera kuwerenga masamba amene aperekedwa ku zinthu zimenezi, ndi kufunsa mayina a amene ankazichita.